Mpando wa Mzee Lugembe

Isevya, Tabora
9 Julayi 2012

Mlongo wanga Makoye,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko. Ife tadzuka, kungoti m'mawa kukuzizira ndipo fumbi layamba. Amayi akufunsa kuti ukudya chiyani, poti pachithunzi unatumiza chija khosi latalika. Bambo akuti usawamvere, unabadwa nalo lotero.

Kalata ino ndi yodandaula. Ukudziwa kuti tsamba langa lija la pa intaneti, Pansi pa Mango, ndinaliyamba kuti ndizilembapo za Tabora amene tinakuliramo: belu la kusiteshoni, uchi wa m'mabotolo a soda, mango ogwa okha m'njira ya kusukulu. Anthu akwathu okhala kutali anayamba kuwerenga, kenako kunditumizira zilengezo za maukwati ndi maliro. Ndinkakondwa. Koma m'munsi mwa nkhani, momwe owerenga amalembamo ndemanga, mwasanduka dzala.

Sabata yatha ndinalengeza maliro a mayi uja wa ku Cheyo ankagulitsa mandazi pageti la sukulu yathu. Wina analemba kuti ana ake anamutaya ali moyo, lero akufuna kulirira pa intaneti. Wina anamuyankha potukwana mtundu wake wonse. Pofika madzulo ankakangana za mpira, maliro asanaikidwe n'komwe. Onsewa mayina enieni alibe. Woipitsitsa amadzitcha Nyundo.

Amene zawapweteka kwambiri ndi bambo. Chipumireni ntchito kunjanji, tsambali ndiye ntchito yawo. Amakhala pakhonde ndi kompyuta unatitumizira ija, magalasi kunsonga ya mphuno, n'kumajompha ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira. Nkhani iliyonse amaikapo ndemanga, n'kusaina bwinobwino kuti Mzee Lugembe. Dzulo anandiitana.

"Nyamizi, anthu awa amakhala kuti?"

"Konsekonse, bambo. Ena ku Dar, ena kunja."

"Ali nawo amayi awo?"

"Ayenera kuti ali nawo."

"Ndiye tsamba lakoli lili ndi chilema. Munthu satukwana akamamuona amene wakhala naye benchi imodzi."

Ine kufufuta ndatopa nako. Ndikaweruka kusukulu ndimapeza zina zamera kale. Iwe ndiye unapita kukaphunzira za makinawa. Undiuze chochita, apo ayi nditseka ndemanga zonse, bambo abwerere ku wailesi yawo.

Ndine mlongo wako,
Nyamizi


Tampere, Finland
20 Julayi 2012

Achemwali,

Shikamoo, moni wanga waulemu kwa inu aakulu. Mundiperekere moni kwa bambo ndi amayi. Khosi ndi lomwe lija. Kuno dzuwa lakana kulowa, munthu umagona kukuwala ngati mlonda.

Musatseke. Mawu a bambo a benchi aja andipatsa nzeru. Kuno tikuphunzira kuti anthu amene samva malamulo amamva masewera. Ukamuuza munthu kuti asatukwane, atukwana. Ukamuuza kuti wosatukwana ndiye apambane, ayamba kupereka moni ngakhale kwa amene anamubera mbuzi.

Mukukumbukira pakhofi pa Songoro, kuseri kwa siteshoni, pomwe bambo ankandikhazika pamphasa ndi switi ya kashata m'manja iwo akutsutsana ndi anzawo? Ndakonza tsamba lanu kuti likhale ngati pamenepo. Wolemba aliyense azikhala ndi dzina limodzi losasintha, ndipo aziyambira pamphasa. Pansi pa ndemanga iliyonse pali kachithunzi ka kapu. Ndemanga ikakukomera, kapena ikakutsutsa mwaulemu mpaka wasowa chonena, umadina kapuyo, ndiye kuti mnzakoyo wamugulira khofi. Makapu akachuluka munthu amakwera pabenchi, ndemanga zake n'kumakhala pamwamba. Wotukwana anthu amamuvundikirira kapu, zilembo zake n'kumazilala mpaka osawerengeka. Makapu akale amazizira ndipo sawerengedwanso, kuti munthu asamadye ulemu wa chaka chatha.

Mpando ulipo umodzi wokha, wa amene makapu ake aposa onse. Ndipo monga zinkakhalira kwa Songoro, inu mukaika nkhani yatsopano palibe amene angalembepo wapampando asanayambe. Iye akangotsegula pakamwa, khomo latseguka kwa onse.

Bambo musawauze kuti ndi masewera. Muwauze kuti ndi mwambo.

Mlongo wanu wamng'ono,
Makoye


Isevya, Tabora
3 Seputembala 2012

Makoye,

Marahaba, moni wako ndaulandira. Uli bwanji, mfiti iwe? Ndikutero chifukwa zimene wachitazi ndi zaufiti. Nyundo yemwe uja tsopano amayamba ndi kuti "pepani akuluakulu, ndili ndi maganizo ena pang'ono". Anazilala kamodzi mpaka kusanduka utsi, ndipo manyazi ake anamukwanira. Sabata ino anthu akambirana za madzi a m'tauni muno mpaka pansi penipeni pa tsamba, osatchulana amayi. Ndinawerenga zonse misozi ili m'maso. Zinandikumbutsa madzulo aja tili ana, mawu a akuluakulu akubwera ndi mphepo kuchokera kusiteshoni, ife osamva zimene akunena koma tikudziwa kuti dziko lili m'manja.

Pampando pali ndani, ungafunse? Bambo ako. Anangodutsa pabenchi ngati sitima ya katundu. Amene akuwapumira m'khosi ndi Mwalimu Shilinde wa ku Ipuli, mphunzitsi wamkulu wopuma uja ankatimenya ndi rula m'zikhatho. Awiriwa amatsutsana pa chilichonse, n'kumagulirana makapu mano ali gwa.

Tsopano bambo amadzuka nkhuku zisanatsike, kusamba, kuvala malaya oyera, n'kukhala pakhonde kudikira kuti ndiike nkhani. Amayi akuti anawapezera mkazi wachiwiri ndiwe.

"Mkazi wake wa chingwe," anatero dzulo akuwapatsa tiyi. "Saphika, sachapa, koma ndi amene amavalilidwa malaya."

"Iyeyu sanditsutsa, mayi a Nyamizi."

"Ndiye mudzafa ndi mawu m'kamwa osawongoledwa."

Pali vuto limodzi. Lachinayi ndinapita nawo bambo kuchipatala, chifuwa chija chinawavutanso. Usadandaule, awapatsa mankhwala ndipo abwerera pakhonde pawo. Koma tsiku limenelo tsamba linakhala chitsekere mpaka madzulo, poti wapampando sanayankhule. Foni yanga inalira mpaka kutentha. Wina anaimba kuchokera ku Muscat kufunsa ngati Mzee wakwiya. Bambo atamva anadandaula kwambiri kuposa mmene anadandaulira ndi chifuwacho. Akuti pa moyo wawo sanasungepo sitima pasiteshoni chifukwa cha iwo. Ukonze kuti tsiku limene sangathe, anthu asamavutike.

Uchi ndikutumizira ndi mwana wa anansi athu a Mayunga akamabwerera kumeneko. Chaka chino ubwera?

Nyamizi


Tampere
7 Seputembala 2012

Achemwali,

Ndakonza. Wapampando akachedwa mpaka dzuwa kukwera, makina aziwerenga nkhani yanu, n'kufufuza m'ndemanga zake zonse zakale, n'kusankha imodzi imene mawu ake akufanana ndi nkhaniyo. Aziika m'dzina lake, khomo n'kutseguka. Bambo analemba zambiri moti sizingathe msanga. Palibe amene adzazindikire.

Chifuwacho adokotala akuti ndi chiyani kwenikweni? Inu mukati "usadandaule" ndi pomwe ndimadandaula. Zobwera chaka chino ndikukayika, tidzakambirana.

Makoye


Isevya, Tabora
25 Okutobala 2012

Mlongo wanga,

Pafoni paja sitinamvane, tonse tinkangolira. Lero anthu ayamba kuchepa pakhomo, ndiye ndapeza pokhala kuti ndikulembere. Bambo tinawaika m'manda pafupi ndi agogo. Anzawo a kunjanji anabwera ndi zipewa zawo zakale, ndipo sitima ya ku Kigoma inaliza hutala podutsa. Kaya anachita kupangana kaya zinangochitika, sindinafunse. Anapita m'mawa, atavala kale malaya oyera. Sanavutike nthawi yaitali.

Pali chinthu chimene uyenera kudziwa, ngati sunachione kale.

Tsiku lomwelo ndinaika chilengezo patsamba, monga ndimachitira ndi maliro a anthu ena onse. Mutu wanga sunali pamalo. Za makina ako aja sindinaziganize n'komwe. Ndili kukhitchini ndi azimayi, mkazi wa a Mayunga anabwera ndi foni m'manja, nkhope itachita phulusa, n'kundikokera kuseri kwa nyumba. Pansi pa chithunzi cha bambo, pamwamba pa onse, panali ndemanga ya Mzee Lugembe:

"Munthuyu ndinkamudziwa bwino. Anali wamakani, ndipo wachoka osatsanzika aliyense. Mumukhululukire, sanadziwe kuti sitima yake inali itafika kale."

Ndinakhala pansi pamulu wa nkhuni. Kenako ndinakumbukira kuti mawuwa anawalemba chaka chatha, pa maliro a mnzawo uja woyendetsa sitima. Ndikudziwa zimenezo, Makoye. Unandifotokozera. Koma thupi lawo linali m'chipinda, chitseko chili chotsegula, ine ndikuwerenga.

Chiyambire tsikulo sanajombe. Ndinalemba zothokoza anthu a kunjanji, iwo anati, "Anyamatawa ntchito amaidziwa, vuto ndi tiyi wawo." Ndinalemba za mvula yoyamba, iwo anati, "Iyi si yobzalira. Dikirani." Ndipo yadukadi.

Owerenga sakuthawa. Akuchuluka. Aliyense amayamba ndi "Shikamoo, Mzee", n'kuwagulira kapu, kenako n'kunena zake motsitsa mawu ngati ali pasiwa. Wotukwana palibe ndi mmodzi yemwe. Tsamba langa silinakhalepo laulemu chonchi, ndipo ndimaopa kulitsegula.

Undiuze zoona. Si iwe ukusankha mawuwa?

Nyamizi


Tampere
31 Okutobala 2012

Achemwali,

Shikamoo. Si ine. Ndikanakhala ine sindikanatha kusankha bwino chotero. Makinawo sadziwa kanthu, amangoona kuti apa pali mawu akuti maliro ndi njanji, apo palinso omwewo. Bambo ankalemba za aliyense ngati akulemba za iwo eni, n'chifukwa chake zikukwana paliponse.

Pampando sachoka chifukwa anthu sakusiya kuwagulira. Makapu awo sakupeza mpata wozizira.

Ndikhoza kuzimitsa lero lomwe. Koma ndikupempha, musandiuze kuti nditero. Chiphaso changa chokhalira kuno chili ku ofesi, ndipo ndikatuluka chisanatuluke sindidzaloledwa kubwerera. Izi mukuzidziwa, ndipo ndikudziwanso zimene abale akunena za mwana amene sanaponye dothi m'manda a bambo ake. Inu munawasambitsa, munawaona akutsitsidwa. Ine ndinangomva mawu pafoni. Kuno mdima wabwerera, umagwa anthu tisanaweruke, ndipo m'mawa umatipeza uli pomwepo. Ndikadzuka ndimatsegula tsamba, n'kudikira. Kenako dzina lawo limatulukira. Ndimawapatsa moni mokweza, m'chipinda muli ine ndekha, n'kupita kusukulu.

Aphunzitsi anga ndinawaonetsa mmene anthu akukambirana. Akuti sanaonepo zotere, ndipo akufuna ndilembe za zimenezi. Sindinawauze kuti wapampandoyo ali kuti.

Tiwasiye mpaka pa arobaini, tsiku la makumi anayi logawa zovala zawo. Likadzafika ndidzazimitsa ndekha. Amayi ali bwanji? Simunawatchule.

Makoye


Isevya, Tabora
12 Novembala 2012

Makoye,

Amayi sindinawatchule chifukwa ndinkaganiza kuti sakudziwa. Koma pamaliro palibe chinsinsi. Azimayi anawauza tsiku lomwelo.

Patapita masiku, m'mawa wina ndinawapeza pakhonde, atakhala pamphasa pafupi ndi mpando wa bambo, tiyi wa anthu awiri ali patebulo.

"Tsegula," anatero. "Ndimve zimene wanena lero."

"Amayi, si iwo. Ndi mawu akale, makina ndi amene akusankha."

"Mawuwo ndi a ndani?"

"Ndi awo."

"Nanga ukuti si iye bwanji? Werenga."

Ndinawerenga. Tsiku lililonse ndakhala ndikuwerenga. Amamvetsera maso ali kumsewu, nthawi zina n'kuseka, nthawi zina n'kunena kuti "bodza limenelo". Ndinkati mwina zikuwathandiza. Iwenso unapempha. Ndinalekerera.

Lachisanu anandiuza kuti ndilembe mawu awo othokoza onse amene anatipepesa. Ananena okha, ine ndikulemba. Kumapeto anati, "Tsopano ndatsala ndekha kuno, nyumba yakula, sindikudziwa kuti ndikhalamo mpaka liti." Ndinaika monga ananenera. Dzuwa litakwera, ndemanga inabwera. Ndinayamba kuwerenga mokweza ndisanaone kumene ikupita.

"Wakhalitsa kumeneko. Bwera, malo ako takonza kale. Usanyamule zambiri, kuno zonse zilipo."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa nthawi ya basi. Kenako anati ndiwatsegulire dzina lawo patsambapo ayankhe. Ndinakana. Anandiyang'ana mmene ankatiyang'anira tikabisa mango m'malaya, ndipo ndinatsegula. Dzina ndi Mama Nyamizi. Ndemanga yawo ndi iyi: "Ndamva. Ndikumalizitsa zapakhomo."

Kuyambira pamenepo chakudya amangochilawa ndi nsonga ya supuni. Nkhuku agawira anansi. Mtondo apatsa mkazi wa a Mayunga. Dzulo ndinawapeza akuchapa nsalu ziwiri zatsopano za kanga zimene anasunga pansi pa sutikesi, ndipo ukudziwa kuti kanga zotero mzimayi amasungira tsiku la maliro ake. Sakudwala, sakulira. Nkhope yawo yawala, Makoye, ndipo chimene chikundiopsa ndi chimenecho.

Zimitsa. Usadikire arobaini. Ukawerenga kalatayi uzimitse usanayankhe.

Nyamizi


Tampere
13 Novembala 2012

Achemwali,

Ndazimitsa.

Mawu amenewo analembera ine. Disembala watha munaika chithunzi changa ndili m'chipale chofewa, iwo n'kulemba zimenezo pansi pake. Ndinawayankha kuti chaka chamawa. Pitani mukaone, zikadalipo. Muwaonetse amayi chithunzicho ndi tsiku lake. Muwauze kuti woitanidwayo ndine, si iwo. Muwauze kuti malo okonzedwawo ndi chipinda changa chakumbuyo chija.

Ndayesa kuimba, sakufuna kutenga foni. Chonde mundilembere mawa, ngakhale mzere umodzi.

Makoye


Isevya, Tabora
19 Novembala 2012

Makoye,

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinalibe chabwino chokuuza. Chithunzi ndinawaonetsa. Anati, "Analembera mwana chaka chatha, wanena kwa ine chaka chino. Munthu sagwiritsa ntchito mawu kawiri?"

Kuzimitsa kuja kwaipitsa zinthu. M'mawa woyamba tinadikira pakhonde mpaka tiyi kuzizira. Ndinawauza kuti wathimitsa ndiwe. Iwo anati, "Ayi. Wanena zimene amafuna kunena, ndiye wanyamuka. Sakonda kudikira pasiteshoni, akandidikira kutsogolo." Tsopano sadzuka pamphasa. Amamwa madzi okha, ndi tiyi ndikawakakamiza. Anesi anabwera, akuti thupi lilibe matenda.

Tsamba nalo lili zii. Mpando ukadali wa bambo, ndipo poti sakuyankhula, khomo silikutseguka. Anthu amabwera, kuwagulira kapu pa ndemanga zakale, n'kuchoka mwakachetechete. Usakhudze china chilichonse. Ukakonza chimodzi chimabala china.

Arobaini ndi Loweruka. Ndikungopempha kuti afikepo.

Nyamizi


Isevya, Tabora
10 Disembala 2012

Mlongo wanga wokondedwa,

Moni wochokera kwa ine ndi kwa amayi. Pafoni ndinangokuuza kuti ali moyo ndipo akulamula kuti uyatsenso makina aja. Unayatsa osafunsa, zikomo. Tsopano ndikufotokozere bwino, poti unali ndi ufulu wofunsa.

Pa arobaini tinawanyamula amayi kuwakhazika pakhomo, atatsamira khoma. Bambo aang'ono, a Kasanga, anagawa zinthu monga mwa mwambo. Malaya kwa uyu, njinga kwa uyo, chipewa cha kunjanji kwa mnzawo wakale. Mpando wa pakhonde anati ndi wako, ukudikira. Atati amalize, Mwalimu Shilinde anaimirira ndi ndodo yake.

"A Kasanga, pali mpando wina simunagawe."

Anthu anayang'ana pansi. Aliyense ankadziwa.

"Umenewonso ndi wa mwana wamwamuna," anatero bambo aang'ono.

"Umenewo sapatsana, amachita kugulirana makapu. Ndipo mwana wamwamunayo, pepani, ali pamphasa. Anamanga nyumba koma sanayankhulemo."

Anthu anaseka, koyamba chiyambire maliro. Wina anati ndiye akhalepo Mwalimu yemweyo, poti ndi wachiwiri.

"Ine? Ndinalimbana naye ali moyo ndipo anandigwetsa. Ndikamulande atagona? Ndiponso tinene zoona, talakwa ndi ife. Munthu tinamuika m'manda, koma m'mawa uliwonse tikumupatsa khofi wotentha. Angapite bwanji? Mlendo ukamamuthirira sanyamuka. Tisiye makapu ake azizire. Ndipo pampandopo pakhale munthu mmodzi yekha amene ankamugonjetsa Lugembe pa mtsutso."

Sanatchule dzina. Anthu onse anatembenukira kukhoma kumene kunali amayi. Iwo maso anali otseka.

Uthenga unayenda pamafoni mpaka ku Muscat ndi kwina konse. Amayi anali ndi ndemanga imodzi yokha, ija yomalizitsa zapakhomo, ndipo anthu anathira makapu awo onse pamenepo. Ndinkaona makapu akuunjikana pansi pa mawu oopsa aja, a bambo akuzizira tsiku ndi tsiku, ine ndikuwadontheza amayi tiyi m'kamwa ndi supuni. Sindinkadziwa kuti chiyambe kutha n'chiyani.

M'mawa wina dzina linasintha. Ndinagwada pamphasa pawo.

"Amayi, bambo achoka pampando."

Anatsegula maso. "Wamuchotsa ndani?"

"Inu."

"Mwamuna wanga ndamutsutsa moyo wanga wonse, koma osati pagulu."

"Achita ndi anthu. Tsopano tsamba ndi lotseka, akudikira inu muyambe."

"Adikire."

Anadikiradi. Dzuwa lili pamutu anandiitana.

"Akadali pomwepo?"

"Akadali."

"Anthu opanda ntchito. Nkhani yake ndi yotani?"

Ndinawauza kuti ndalemba za mtengo wa mango wa kuseri kwa siteshoni, umene akufuna kuudula kuti amange mashopu, ndi kuti Mwalimu Shilinde akuuza anthu m'tauni kuti udulidwe poti wakalamba.

"Shilinde wanena zimenezo? Iyeyo bwanji sanadulidwe?" Anayesa kudzuka, mikono inakana. "Ndigwire. Ndipo sindingayankhule ndi anthu m'mimba muli mphepo. Pali phala?"

Anamwa theka la kapu. Mawa lake anamaliza. Sabata ino afunsa kuti nkhuku zawo zinapita kuti, ndipo anansi azibweza mwamanyazi. Amatsegula tsamba m'mawa uliwonse, ine ndikulemba, ndipo Nyundo amawatcha amayi.

Koma mvetsera izi. Atapeza mphamvu anandifunsa kuti, tsiku limene iwo sadzatha kuyankhula, makina aja adzatenganso mawu awo? Ndinati unazimitsa. Ndi pomwe analamula kuti uyatse. Akuti bambo analemba osadziwa kuti adzayankhula ali kumanda, n'chifukwa chake anatiopseza. Iwo akudziwa. Tsopano ndemanga iliyonse amaiyeza kawiri. Akanena, amandiuza kuti ndiwerenge, n'kufunsa kuti, "Izi zikadzatuluka pa ukwati wa munthu, zidzakhala bwino? Nanga pa maliro anga?" Zina amasintha. Zina amanena zosakhudzana ndi nkhani ya tsikulo, za mwana wobadwa kumene, za munthu wobwera kuchokera kutali, ndipo ndikawafunsa amati ndilembe basi, zidzapeza malo ake. Lamulo andipatsa limodzi: m'dzina lawo ndisadzalembe mawu oitana munthu, ngakhale atawanena okha mwangozi.

Lachiwiri anakhala chete dala. Anavala bwino, n'kukhala pakhonde, tiyi ali m'manja, n'kundiletsa kulemba. Tinadikira dzuwa kukwera. Dzina lawo linatulukira lokha, ndipo ndinawawerengera mawu awo, iwo ali pambali panga akupuma. Anamvetsera mutu uli chopendekeka.

"Ndidzamveka bwino," anatero. "Koma zikadali zochepa. Mawa tiyambe msanga."

Ine lamulo lawo silikundigwira m'kalata yanga. Chiphaso chikangotuluka, bwera, Makoye, akadali kunena zatsopano.

Ndine mlongo wako,
Nyamizi